Bwezani Mawuwo

Pachipata tinavula malamba, ine ndi Nachisale,
mafoni tinasiya kwa alonda,
kenaka masitepe, masitepe,
mpaka pokhala alendo, kuseri kwa galasi lochindikala.
Wa jekete lakuda anatinong'oneza:
kuno saomba m'manja, kuno sakuwa.
Tinali titanyamuka ku Stoke kusanache,
fungo la sopo wosambitsira okalamba likadali m'zikhadabo.

Pansipo mabenchi obiriwira ayang'anizana
ngati ankhoswe a banja lomwe latha kale.
Pa kapeti pali mizere iwiri yofiira.
Akuti mpata wake anayeza ndi malupanga awiri
kuti mkwiyo uzithera m'malere.

Phungu wathu, Mayi Prowse, anaimirira kanayi, nakhalanso kanayi.
Kuno mawu salanda, umachita kuwedza diso la Sipikala.
Kachisanu, mbedza inakola.

Ndipo anamutchula munthu uja.
Dzina lonse, ndi la kampani yake,
yemwe anatidyera mapaundi zikwi zisanu ndi zinayi aliyense
pa chiphaso cha ntchito yomwe kunalibe,
dzina lomwe loya anatichenjeza:
mukalilengeza poyera popanda umboni wokwana
mudzagulitsa ndi nsapato zomwe.
M'chipinda chino chokha
dzina lotere limayenda masanasana, samani osalilondola.
Nachisale anandifinya dzanja mpaka mphete inandiluma.

Nduna inadzuka, nimanga batani la jekete.
Inati ofesi yake sinalandirepo dandaulo.
Makalata atatu!
Malisiti a ku positi ali m'chikwama changa, afufuma ndi thukuta.
Mayi Prowse sanadikirenso diso la munthu:
"Ndunayi ikunama!"

Phokoso ngati mwala wagwa pa chisa cha mavu.
Bata! Bata!
"Olemekezeka abweze mawuwo."

Paja m'nyumba muno munthu sanama.
Amaiwala. Amasokoneza manambala.
Amasocheretsa anzake mosadziwa.
Onse ndi olemekezeka, ndipo palibe wouza mnzake kuti iwe;
mawu amayamba adzera kumpando
kuti akafike atazizira.

"Bwezani."
"Sindibweza."
"Ndikupemphaninso."
Anasonkhanitsa mapepala awo,
naweramira pang'ono mpando womwe wawapirikitsa,
natuluka, kuti asaonekenso mpaka mawa.
Nkhani yathu inatuluka nawo pakhomo lomwelo.
Wotsatira anaimirira kudandaula za maenje a mumsewu wa kwawo.

Pa mlatho wa Westminster, kamvula kakuwaza,
tinakangana.
Nachisale akuti fupa lokakamiza limaswa mphika:
akanameza liwu limodzilo
akanatsala ndi mphindi zofunsira za makalata,
tsiku ndi tsiku lake, sitampa ndi sitampa,
mpaka nduna ikanadzikola yokha.
Ine ndikuti kodi chinthu chili ndi dzina
uchitchule bwanji, msuweni wake?
Iye akuti lamulolo ndilo limaletsa nyumba kusanduka bawo.
Ine ndikuti lamulolo lasambitsa wabodza, lamudzoza ndi mafuta.
Tonse tinali kunjenjemera, mwina ndi chisanu.

Ndinatsamira chitsulo cha mlatho, ndinakuwira mtsinje:
Wabodza!
Palibe anandiuza kuti ndibweze.
Palibenso anacheuka,
kupatula mwana wonyamula chibaluni.
Koma dzina lija, ngakhale pano,
linakanirira kukhosi ngati munga wa nsomba.

Ndiye taonani kagawidwe kake:
iwo mkatimo aloledwa dzina, amanidwa liwu;
ine kunja kuno liwu ndi langa, dzina ndamanidwa.
Chiganizo chimodzi, achidula pakati,
theka ku mabenchi, theka pa mlatho,
khoma ndi apolisi pakati pake.

Akuti mawa zonse zidzasindikizidwa m'buku la Nyumbayo,
dzina lija, ndi liwu lija losabwezedwa.
Nachisale akuti adzalisunga m'Baibulo.

Basi yathu inyamuka faifi.
Usiku uno ndili pa ntchito.
Ndikamatembenuza Bambo Hulme kuti asatuluke zilonda
adzandifunsa, monga afunsira usiku uliwonse,
kuti ndine yani.
Ndidzawauza lonse.